Chithandizo cha zaumoyo pa pulayimale ya boma: ndachionera pafupi, ndipo makolo pali zoti tidziwe

Kwa inu makolo amene ana anu ali pa pulayimale ya boma, kapena mukuganiza zokalembetsa mwana sitandade 1 temu ikubwerayi, ndati ndilembe mmene ndaonera chithandizo cha zaumoyo chomwe ana amalandira kusukulu. Ine ndimakhala ku Zomba, mbali ya kumunsi kuno koyandikira nyanja ya Chilwa, ana anga onse adutsa pa sukulu imodzi yomweyi ndipo ndinakhalapo mu mother group, gulu la amayi othandiza atsikana pa sukulu, ndiye zambiri ndikunenazi ndaziona ndi maso. Dzina la sukulu sinditchula. Atati ndichonge ngati mmene amachongera aticha, ndingapereke 7 pa 10. Zinthu zimene ana amalandira ndi zabwino, ndi zaulere, zina olo kuchipatala cha pulayiveti mungalipire ndalama zambiri kuti muzipeze. Mamalikisi atatuwo ndachotsa makamaka pa nkhani imodzi, kholo siliuzidwa bwinobwino zimene zikuchitika pa thupi la mwana wake.

Ndiyambe ndi chimene chimandisangalatsa kwambiri, bokosi la mankhwala. Masukulu ena kuno ku Zomba ali ndi bokosi limene pachingerezi amalitcha Learner Treatment Kit, linayamba mu 2013 kwa T/A Chikowi ndi a Save the Children mogwirizana ndi unduna wa zamaphunziro ndi wa zaumoyo. Aticha angapo pa sukulu amaphunzitsidwa kuyeza malungo ndi kachida kaja kobaya pa chala, komwe kamene amagwiritsa ntchito ku health centre, ndipo mwana akapezeka nawo amampatsa LA pompo. M'bokosimo mumakhalanso panado, thanzi wa otsegula m'mimba, mankhwala opaka m'maso ndi zomangira mabala. Kwa munthu wa m'tauni mwina zikuoneka zazing'ono, koma kuno chipatala chili kutali, kabaza amafuna ndalama, ndipo nthawi ya dzinja kholo limakhala ku dimba kapena ku mpunga kuyambira mbandakucha. Mwana wa sukulu akati mutu ukuwawa, ambiri timangoti gona upume, kapena timamgulira panado pa okala basi, malungo nkumakula mkati. Chidwi chonse cha malungo chimapita kwa ana a sikelo ndi amayi oyembekezera, ana a zaka 6 mpaka 14 amakhala ngati akula kale, pomwe ambiri mwa iwo ndi amene sagona mu neti chifukwa neti imakhala ya mayi ndi khanda. Ndiye bokosili linabwera pamalo poyenera.

Mwana wanga wamng'ono anayezedwapo kusukulu thupi litatentha nthawi ya buleki, anampeza nawo, anamwa LA woyamba komweko aticha akuona, wotsalayo anabwera naye kunyumba. Apa pali chimene makolo tiyenera kugwira, LA amamwa kawiri pa tsiku kwa masiku 3, wachiwiri amamwa patatha maola 8 chimwereni woyamba, ndipo amagwira bwino mwana akadya kaye, makamaka chakudya cha mafuta pang'ono ngati phala la nsinjiro kapena mkaka. Sukulu imangoyambitsa, kumaliza ndi kwathu. Ndaonapo amayi akusunga mapilitsi otsala poti mwana wayamba kusewera tsiku lachiwiri, ati adzamwe wina akadzadwala. Chonde ayi, amalize onse. Ndipo aticha aja si madokotala, iwonso amadziwa, mwana akamasanza chilichonse, akakomoka, akamalephera kukhala tsonga kapena akuoneka woyezuka m'maso ndi m'manja amalemba kalata yoti mupite naye kuchipatala. Kalatayo osaisunga mpaka mawa.

Vuto la bokosili ndi loti limatha. Zoyezera ndi LA zimachokera ku chipatala chapafupi, ndiye kumeneko zikasowa kusukulunso kulibe, ndipo nthawi yomwe zimasowa kwambiri ndi yomwe malungo avuta, kuyambira January mpaka cha mu April. Chinanso aticha amene anaphunzitsidwa akasamutsidwa zimatenga nthawi kuti wina aphunzitsidwe, bokosi nkumangokhala mu ofesi ya ahedi lokiya. Ndiponso ticha yemweyo ali ndi kalasi ya ana oposa 100, akuyeza odwala mbali ino kalasi ikusokosera mbali inayo, ine ndimawamvera chisoni ndithu. Si sukulu iliyonse ili nalo bokosili, ndiye funsani kwanuko musangoganiza kuti lilipo.

Phala sindikhalitsapo chifukwa aliyense amalidziwa. Mary's Meals inayamba kuno ku Malawi mu 2002 ndi ana 200 okha, lero ikudyetsa ana oposa 1 miliyoni tsiku lililonse la sukulu, ndipo masukulu ena amathandizidwa ndi bungwe la zakudya la WFP, ena amagula chakudya kwa alimi a m'deralo. Ufa wake ndi wa chimanga chosakaniza ndi soya nkuthiramo mavitamini, ofanana ndi Likuni Phala. Ophika ndi ife tomwe makolo, mosinthana midzi, kudzuka usiku kukasonkha moto, nkhuni kubweretsa tokha. Mwezi wa February pomwe m'nyumba zambiri mulibe ufa, ana sajomba chifukwa cha kapu imeneyi, zimenezi palibe angatsutse. Chomwe ndingapemphe makolo ndi kapu, muziyang'ana kapu ya mwana. Ena amaiponya mu chikwama osatsuka sabata yonse, ena amabwerekana atatu kapu imodzi.

Tsopano nkhani ya mankhwala a likodzo, apa ndi pomwe pali zambiri. Kuno ana amasamba m'mitsinje, amawedza, amathandiza ku mpunga madzi ali m'maondo, ndipo nkhono zomwe zimasunga tizilombo ta likodzo zimakonda madzi odekha omwewo. Mnyamata kukodza magazi ena amaona ngati ndi kukula kumene, ayi ndithu ndi matenda, akakhalitsa amawononga chikhodzodzo, amachepetsa magazi, ndipo kwa atsikana amatha kufika ku ziwalo zoberekera nkudzavutitsa akadzakula. Ndiye boma limatumiza azaumoyo, ma HSA aja, kukamwetsa ana praziquantel m'masukulu, kawirikawiri pamodzi ndi albendazole wa njoka za m'mimba. Sayeza aliyense payekha, amamwetsa onse chifukwa dera lonse lili pa chiopsezo. Mapilitsi amapereka potengera kutalika kwa mwana, amamuimika pa kamtengo kolembedwa manambala, wamtali amamwa ambiri wamfupi ochepa. Mankhwalawa ndi abwino kwambiri ndipo ine ana anga amamwa nthawi zonse.

Koma praziquantel ndi wamphamvu, ndi wowawa, ndipo safuna m'mimba mopanda kanthu. Mwana akamwa asanadye amachita chizungulire, nseru, m'mimba kupota, ena kusanza kumene, makamaka amene ali ndi tizilombo tambiri m'thupi. Zimatha pakapita maola ochepa. Tsono taganizani, uthenga wanenedwa pa asembule dzulo lake kuti mawa mudye musanabwere, kwa mwana wa sitandade 2, amene pofika kunyumba waiwala kale kapena wangoti mawa kubwera adokotala. Mmawa wapita osadya kanthu, phala tsiku limenelo lachedwa kupsa, wamwa mankhwala, kenako mukungoona anzake akumubweretsa atamugwirizira. Zinachitikapo pa sukulu yathu, ana angapo anagona pansi pa mtengo ali lefu, amayi anathamanga kuchokera m'minda akulira, ndipo chaka chotsatira tsiku la mankhwala makalasi anali pululu, ana anabisidwa m'nyumba. Ine sindiwada amayi amenewo, mwana wako ukamuona atafooka chonchija ndipo palibe anakuuza chilichonse, mtima umauluka. Mankhwala sanalakwe, chinalakwika ndi uthenga. Akanatiuza ife makolo mwachindunji, kudzera kwa amfumu, kutchalitchi ndi kumzikiti, tsiku lenileni ndi zomwe tingayembekezere, bwenzi aliyense ataphika olo mbatata mmawa umenewo. Chaka china ahedi anachita bwino, anauza ophika kuti phala lipse msanga ndipo palibe mwana anamwa mankhwala asanamwe phala, tsiku limenelo linadutsa bwinobwino popanda wolira.

Katemera ndi chimodzimodzi. Wa HPV, woteteza ku khansa ya khomo la chiberekero, anayamba dziko lonse mu January 2019 kwa atsikana a zaka 9, atayesedwa kaye kuno ku Zomba ndi ku Rumphi kuyambira 2013. Malawi ndi limodzi mwa mayiko amene khansa imeneyi ikupha amayi kwambiri pa dziko lonse, ndipo ambiri tili ndi m'bale kapena mnzathu amene anapita nayo, ine azakhali anga anavutika nayo mpaka kumwalira, ndiye pa katemera ameneyu sindinaganize kawiri. Amabaya ali ang'ono dala chifukwa amagwira bwino mtsikana asanakumane ndi kachilomboko. Koma m'midzi munadzaza mphekesera zoti akufuna atsikana asadzabereke, ena ati ndi njira yolera yobisa, ndipo funso lomwe amayi ambiri ankafunsa linali lomveka, bwanji atsikana okhaokha, bwanji aang'ono chonchi? Funso limeneli lili ndi yankho labwino lomwe nesi angafotokoze mu mphindi zochepa, koma amene analifotokoza kwa makolo analipo ochepa. Pomwe azaumoyo anabwera pa msonkhano wa makolo nkukhala pansi kuyankha mafunso, amayi omwe ankakana aja anasintha maganizo ambiri ndithu. Tisaiwale kuti kuchigawo chakummwera kuno mu 2017 kunali nkhani ya anamapopa ku Mulanje, Phalombe ndi Thyolo mpaka anthu anaphedwa, ndiye chilichonse chokhudza jakisoni kapena magazi a mwana chimafuna kufotokoza modekha, osangofika ndi galimoto ndi mabokosi.

Mu May 2023 kunabweranso kampeni yaikulu ya katemera wa typhoid kwa ana a miyezi 9 mpaka osakwana zaka 15, ang'onoang'ono analandiranso wa chikuku ndi rubella, wa poliyo ndi vitamini A. Iyi inalengezedwa bwino pa wailesi, ndinaona kusiyana kwake, makolo ambiri anapita okha kukaimirira pa sukulu. Langizo langa pa makatemera onsewa ndi loti kabuku ka kuchipatala ka mwana musakataye akangomaliza sikelo. Tsiku la katemera mupatseni apite nako kapena pitani naye, ndipo onetsetsani kuti alembamo kapena akupatsani kakhadi. Ana amasamuka, lero ali kwa agogo mawa ali ku Blantyre kwa amalume, ndiye popanda cholembedwa simudziwa kuti analandira chani, mwana amangoti anandibaya pa mkono. Ngati mwana anatupapo kapena kubanika atalandira mankhwala ena ake, nenani asanabayidwe, ndipo muli ndi ufulu wofunsa kuti akumubaya chani, palibe angakudzudzuleni.

Pa zimbudzi ndi madzi ndiye pamene sukulu yathu yagwa kwambiri. Ana ndi ochuluka zedi chiyambireni pulayimale yaulere mu 1994, koma zimbudzi ndi zochepa, zina zopanda zitseko, ana a sitandade 1 amaopa dzenje nkumangodzithandiza kuseri. Nthawi ya Covid, masukulu atatsekedwa mu March 2020 nkudzatsegulidwa pang'onopang'ono kuyambira September, pakhomo la kalasi iliyonse panali ndowa ya mpopi ndi sopo. Kolera itavuta, ija inayamba mu March 2022 ku Machinga nkupha anthu oposa 1,700, mpaka masukulu a mu mzinda wa Lilongwe ndi Blantyre anachedwa kutsegulira ndi masabata awiri mu January 2023, ndowa zija zinatulukanso, madzi ankathira klorini, ogulitsa mandasi ndi mafilizesi pa geti anaimitsidwa. Mliri utangodutsa ndowa zinasweka, sopo anatha, basi zinathera pomwepo. Pano mjigo ndi umodzi, wogawana ndi mudzi, ukawonongeka ana amamwa paliponse. Ine ndimampatsa mwana botolo la madzi a kunyumba. Ndipo tili ndi ufulu wofunsa komiti kuti sopo ndi zitseko za zimbudzi zili pati pa bajeti, chifukwa ndalama zimene tinkasonkha za chitukuko cha sukulu zija nthawi zambiri zonse zinkathera ku mlonda ndi mayeso.

Za atsikana akuluakulu ndiyamikire ma mother group, osati poti ndinalimo ayi, koma ntchito imene amayi amenewa amagwira popanda malipiro ndi yaikulu. Amasoka mapadi ochapa, amalangiza atsikana akatha msinkhu, amalondola mwana amene wayamba kujomba mpaka kwawo. Pa sukulu yathu tinamenyera nkhondo kachipinda kosinthira, kokhala ndi ndowa, sopo ndi chitenje chapadera, chifukwa mtsikana akadetsa yunifolomu kamodzi anyamata nkumuseka, amatha sabata osabwera, ena mpaka kusiyiratu. Boma linachotsa msonkho pa mapadi mu 2022 koma kumudzi kuno mtengo wake ndi wokwerabe kwa anthu ambiri, ndiye osokawa ndi amene akuthandiza. M'maboma ena atsikana amalandiranso mapilitsi owonjezera magazi kamodzi pa sabata kusukulu, akabwera nawo kwanuko musadabwe, ndi ayironi ndi folic acid, si mankhwala olera.

Lamulo lina limene makolo ambiri salidziwa ndi la mtsikana amene watenga mimba. Kuyambira 1993 ndondomeko ya boma imalola kuti akabereka abwerere kusukulu, ndipo ngati akuchita manyazi pa sukulu yakaleyo atha kupempha kupita ina. Si chifundo cha ahedi ayi, ndi ufulu wake. Chofunika ndi kupita kukadziwitsa sukulu ndi kulemba kalata kuti malo ake asungidwe, osangomusowetsa mwakachetechete. Ndipo poti malamulo a dziko anasinthidwa mu 2017 kuti ukwati uziyambira zaka 18, kumukwatitsa poti ali ndi mimba ndi mlandu. Ndaona atsikana atabwerera nkukhoza mayeso a sitandade 8 mpaka kusankhidwa kupita ku sekondale, agogo akulera khanda kunyumba. Chimene chimawabweza mmbuyo ndi pakamwa pa anzawo, penanso pa aticha ena amene amawatchula kuti amayi m'kalasi, zimenezi zimandipweteka kwambiri ndipo tinakazinenapo ku ofesi.

Kwa amene muli ndi mwana wa matenda okhalitsa, khunyu, mphumu, shuga, sickle cell, kapena amene akumwa ma ARV, dziwani kuti pa pulayimale ya boma palibe nesi. Pali ticha amene amayang'anira za umoyo ndi zakudya, amati wa SHN, koma iyeyo sangalote. Polembetsa sanandifunsepo ngati mwana ali ndi vuto lililonse, amafunsa zaka ndi mudzi basi, ndipo ili ndi bowo lalikulu. Ndiye pitani nokha kumayambiriro kwa chaka, chaka chilichonse chifukwa aticha amasintha, mukakhale pansi ndi ahedi ndi ticha wa kalasi, muwauze zoyenera kuchita ndipo musiye nambala ya foni yomwe imagwira, olo ya neba. Za khunyu muwauze momveka kuti mwana akagwa asamuike supuni kapena chala mkamwa, asamuthire madzi, amuchotsere zinthu zomwe zingamupweteke, akasiya kugwedezeka amugoneke chammbali, ndipo khunyu sapatsirana. Ndinaonapo kalasi yonse ikuthawa mwana atagwa poopa malovu ake, anatsala yekha pa simenti. Wa mphumu asamapatsidwe ntchito yosesa m'kalasi mwa fumbi. Mwana wachialubino akhale kutsogolo pafupi ndi bolodi, aloledwe kuvala chipewa ndi malaya a manja aatali olo yunifolomu ikhale ina. Za ma ARV simukakamizidwa kuuza sukulu, koma ngati pali ticha mmodzi amene mumamukhulupirira zimathandiza kuti mwana asamakalipiridwe akajomba tsiku lokatenga mankhwala, ndipo mumuuze mosabisa kuti nkhaniyi ithere pa iye.

Maso ndi makutu sindinaonepo akuyeza mokhazikika, zimangochitika pakabwera bungwe. Mwana amene amakopera zolakwika pa bolodi kapena amangoti aa mukamuitana, musafulumire kumutcha mbuli, pitani naye kuchipatala cha boma akamuone. Ndipo kukwapula ana kusukulu ndi koletsedwa, mwana akabwera ndi mikwingwirima kapena akakuuzani kuti wamkulu wina akumugwiragwira, yambani kwa ahedi, zikakanika pali alangizi a zamaphunziro a m'zoni aja timati a PEA, palinso apolisi a Victim Support. Nambala ya 116 ndi yaulere ya nkhani za nkhanza kwa ana. Pa mafunso a zaumoyo, monga mwana wabwera kuchokera kusukulu atamwa mankhwala ndipo simukumvetsa mmene akuonekera, ine ndimaimba 929, Chipatala Cha Pa Foni, ndi ulere ndipo amayankha m'Chichewa, amakuuzani ngati ndi zodikira kapena zothamangira kuchipatala.

Pa msonkhano wa PTA ukubwerawu ndikukapempha zinthu ziwiri, ndipo nanunso mutha kukapempha kwanuko. Choyamba, mankhwala kapena katemera aliyense asanabwere, uthenga uzifika kwa makolo masiku atatu zisanachitike, ana akope mu kope lawo dzina la mankhwala ndi tsiku lake kuti kholo lione nkusaina, ndipo amfumu alengezenso m'mudzi kwa amene satha kuwerenga. Chachiwiri, polembetsa mwana pakhale kope lina lapadera lolembamo matenda amene ali nawo, mankhwala amene amamuwenga ndi foni ya kholo, lizikhala kwa ahedi lokiya. Zonsezi mtengo wake ndi kope limodzi la hadikava ndi cholembera, ndipo amayi a mother group anena kale kuti kopelo agula okha.